Tabuleti ya Mayi Arminda

Ndakonza mafoni pa Chitakale zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo zamizimu sindikhulupirira. Foni ikazima ndi batire, basi. Koma nkhani ya mayi Arminda imandisowetsa mtendere mpaka lero.

Adabwera Lolemba m'mawa, chiperoni chitameza phiri lonse, atakulunga tabuleti m'chitenje. Inali yakalekale, yomwe mwana wawo adawasiyira popita ku Joni. Pasikirini panali uthenga woti pulogalamu yatsopano yoyendetsa tabuleti yafika, koma malo ndi osakwanira.

"A Mustafa," adatero, "chinthuchi chikundidyera anthu anga."

Ndidaseka. Ndidawauza kuti pulogalamu yatsopanoyo, apudeti, ili ngati mkamwini wonenepa m'kanyumba kakang'ono: ikufuna pogona. Nchifukwa chake tabuleti imadzisesa yokha, kufufuta zithunzi, kuyambira zakale kwambiri.

"Nanga bwanji ikusankha akufa?"

Adawerenga pazala. Choyamba kusowa chidali cha amayi awo, amene adawoloka nawo kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Kenako cha amuna awo. Kenako cha Joana, mng'ono wawo. Ine, wodziwa zonse, ndidati akufa adajambulidwa kale, palibe chodabwitsa.

"Joana anali moyo pomwe chithunzi chake chinkasowa," adatero motsitsa mawu. "Tidamuika patapita masiku anayi."

Kuseka kudandithera. Chotsatira pamzere chinali cha Ambrosio, mlongo wawo, yekhayo wotsala wa bere lawo. Anali atagonekedwa ku chipatala cha Mishoni ndi chifuwa.

Ndidayesa luso langa lonse. Kuletsa apudeti, idakana. Polowetsa memore khadi padafa kale. Chingwe chinkangotchaja osasamutsa kanthu, ndipo ndikati nditumize chithunzicho pafoni yanga, tabuleti inkauma gwa. Nditaizimitsa, idayaka yokha patebulo nkupitiriza pomwe idalekezera. Pamenepo mantha adandigwira, sindibisa.

"Ngati ndi njala, ipatseni zina idye," adatero mayi aja.

Tidaipatsa nyimbo za kwaya. Tidaipatsa mauthenga onse a mwana wa ku Joni, zithunzi za mbuzi, za nandolo m'munda, za adzukulu ayi, zimenezo mudalibe mwamwayi. Idameza zonse nkunenabe kuti malo akuperewera pang'ono. Mudatsala zinthu ziwiri: chithunzi cha Ambrosio, ndi kanema wa mayi Arminda eni ake akuvina pa ukwati ku Chonde, thukuta lili kamukamu, akuseka.

Adaonera kanemayo mpaka kumapeto.

"Fufutani ine."

"Mayi, izi ndi zamakina chabe."

"Ngati ndi zamakina chabe, mukuzengereza chifukwa chiyani?"

Ndidafufuta. Kamzere ka apudeti kadayamba kuyenda, kosalala ngati palibe chidachitika. Mayi aja adathokoza, nati tabuleti itsale imalize, adzaitenga Loweruka. Ndidawaona akulowa m'nkhungu cha kusiteji ya minibasi, chitenje chopanda kanthu chili paphewa.

Loweruka masana padafika bambo wowonda, akutsokomola pang'ono. Ndidawazindikira asananene dzina.

"Ndine Ambrosio. Anditulutsa dzulo. Mlongo wanga adagwa m'munda Lachisanu m'mawa, osadwala, osadandaula kalikonse." Adapukuta m'maso. "Akuti katundu wake wina ali kuno. Tikufuna chithunzi chake choika pabokosi."

Ndidayatsa tabuleti, ikuchedwa kuposa kale, nkutsegula mosungira zithunzi. Munali chimodzi chokha. Bambo aja adadziyang'ana okha nthawi yaitali, osamvetsa.

Tili chiyang'anire, pamwamba pa nkhope yawo padatsika uthenga: apudeti ina yafika, koma malo ndi osakwanira.