Zimene Dzino Langa Linasunga

Dzino lija linandivutitsa nthawi yaitali ndisanalolere kukalichotsa. Linali lakumbuyo, limodzi mwa otafunira aja. Dokotala wa mano atalizula anafuna kulitaya, koma ndinamugwira mkono, pakamwa panga pali thonje lokhalokha, n'kuloza chikwama changa.

"Mukufuna kukaonetsa ndani?" anafunsa akuseka. Komabe anandikulungira m'kapepala.

Ntchito yanga ndi ya mano ndi mafupa a anthu amene anamwalira kalekale. Anzathu ofukula zakale amatibweretsera ku labu zimene apeza pansi: dzino, kachidutswa ka nthiti, mkanda, phale la mphika. Ife timafufuza kuti munthuyo ankadya chiyani, ankamwa madzi a kuti, mwala wa mkandawo unakumbidwa dera liti. Timayeza maisotopu. Amenewa ndi maatomu a mtundu umodzi, koma ena olemererapo pang'ono kuposa anzawo, ngati mapasa amene wina ananenepa. Chakudya chilichonse ndi madzi a dera lililonse zili ndi kasakanizidwe kake ka olemera ndi opepukawa, ndipo thupi likamaumba dzino limaumbira zonsezo momwemo. Fupa limasintha munthu akamakula, koma dzino likapangika lapangika.

Achimwene anga amanditcha Namafupa. Amayi amangouza anthu kuti ndimagwira ntchito kuchipatala, kuopa mafunso.

Nthawi imeneyo tinali titangolandira makina atsopano. Mkulu wa labu yathu, amene tonse timawatcha a Chipewa chifukwa sachivula ngakhale pa msonkhano, sanafune kuti tiphunzirire pa mano akale, poti amenewo ukawononga sungawapezenso. Ndinawauza kuti ndili nalo langa.

"Mwini wake tikumudziwa, kwawo tikukudziwa," ndinatero. "Makinawa akanama tiwagwira."

Dzino la mtundu umenewu limayamba kupangika m'nsagwada mwana atangobadwa, ngakhale limadzatuluka atayamba sukulu. Limakula kuchokera pamwamba kutsikira kumizu, ndiye ukalidula tizigawo toondaonda, kagawo kalikonse kamakuuza za miyezi yake. Ndinalicheka pakati ndi kasowo kopyapyala ngati tsitsi. Theka limodzi ndinalidula tizigawo, linalo ndinalisunga m'kabotolo.

Tsiku lina masana a Chipewa anandiitana. Anali ataimirira pa kompyuta, manja kumbuyo.

"Tabwerani mudzaone ubwana wanu."

Pa kompyutapo panali mizere iwiri yoonetsa zotsatira za dzino langa. Mzere woyamba unali wa nayitirojeni, amene thupi limamutenga m'chakudya. Mwana woyamwa amadya kuchokera m'thupi la mayi ake, ndiye nayitirojeni wolemera amakhala wochuluka mwa iye, n'kumatsika pang'onopang'ono akamaleka bere. Mzere wanga unayambira m'mwamba monga wa mwana aliyense. Kenako, ndikadali khanda la miyezi yochepa, unagwa mwadzidzidzi. Patsogolo pang'ono unakweranso, n'kukhala m'mwambamo kupitirira chaka.

"Apa munasiya kuyamwa," anatero a Chipewa akuloza ndi cholembera. "Apa munayambiranso. Tsono taonani uwu."

Mzere wachiwiri unali wa sitironshiyamu, amene amachokera m'miyala n'kulowa m'madzi ndi m'mbewu za dera limenelo. Pamene wa nayitirojeni unakwereranso, uwu nawo unasintha. Sunalinso wa nthaka ya mumzinda mwathu. Unali wa miyala yakale kwambiri, yonga ya kumapiri.

"Ine ndinabadwira m'nyumba imene muli amayimo, ndipo ndinakulira momwemo," ndinatero. "Makinawa ndi amene asokonezeka."

Tinawatsuka, tinayeza zinthu zimene tinkazidziwa kale, tinabwerezanso zanga. Mizere inatuluka chimodzimodzi. Ndinakhala pampando n'kumangoiyang'ana. Ndaonapo mizere yotere mwa anthu amene anafa zaka masauzande apitawo, ndipo ndinkalemba bwinobwino kuti mwanayu anasamutsidwa ali wakhanda. Lero mwanayo ndinali ine, ndipo sindinkadziwa kanthu.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa amayi. Ndinawapeza akusita pakhonde, wailesi ikulira chapansipansi. Ndinawathandiza kupinda nsalu, kenako ndinafunsa.

"Amayi, kodi ndili khanda ndinakhalapo kwina?"

Anaimika simbi. "Wakuuza ndani?"

"Dzino."

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndiye mano nawo ayamba miseche? Ine ndimayesa mumangofunsa akufa okha."

Ndinawafotokozera za mizere ija mmene ndikanathera. Kuseka kunatha. Anazimitsa wailesi.

"Ndinadwala chifuwa chachikulu iwe usanayambe n'kukhala komwe," anatero. "Anandigoneka m'chipatala, ndipo mkaka unauma. Malemu bambo ako anayesa wa m'chitini, iwe n'kumangosanza. Unatsala mutu wokha. Tsiku lina anakukulunga m'bulangete, n'kukwera nawe basi kupita kumapiri kwa mlongo wawo."

"Kwa azakhali?"

"Kwa azakhali ako omwewo. Anali atangotaya mwana wawo woyamba, ndipo mkaka unali ukutulukabe. Akuti bambo ako atafika anangoima pakhomo, iwe uli m'manja."

Azakhali ndinkawadziwa ngati munthu wouma mtima, mphunzitsi wopuma amene ankabwera pa maliro ndi pa maukwati pokha. Akaona achimwene ankawasekerera, n'kumawapatira timaswiti, koma ine ankangondifunsa za mayeso osandiyang'ana n'komwe kumaso. Ndinakula ndikuganiza kuti sandifuna.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayambira pati? Kunena za iwe kunali kunenanso za mwana wawo uja. Ndipo tsiku limene tinapita kukakutenga, nditachira, unkawatcha amama. Ine unkandithawa. Alamu anga anakunyamula okha mpaka pa basi, n'kukupereka pawindo, n'kutembenuka. Chiyambire tsiku limenelo sanakunyamulenso. Tonse tinangoona kuti nkhaniyi ikhale."

Ndinapempha tchuthi n'kukwera basi. Msewu unkakwera mokhotakhota, ndipo pamene anaudula m'mbali mwa phiri miyala inali poyera, yotuwa, yonyezimira padzuwa. Ndinkaidziwa kuchokera m'mabuku ndi m'manambala. Ndinali ndisanaganizepo kuti ina mwa iyo inasungunuka m'madzi, n'kulowa mwa mayi wolira maliro, n'kudutsa m'bere lake, n'kudzakhazikika m'kamwa mwanga, ndipo ndakhala ndikutafunira moyo wanga wonse.

Azakhali ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumanga mpopi wodontha ndi mphira. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Kwagwanji? Amayi ako ali bwino?"

"Ali bwino, azakhali. Ndangobwera kudzakuonani."

"Anthu sangobwera. Gwira apa."

Ndinagwira paipi iwo akukulunga mphira. Titalowa m'nyumba ndinatulutsa kabotolo kaja ndi pepala la mizere, n'kuziika patebulo. Anavala magalasi. Ndinayamba kufotokoza ngati ndili pa msonkhano wa akatswiri, koma anandidula.

"Pang'onopang'ono. Ndinaphunzitsa sayansi, koma ya ana. Apa pagwapa ndi chiyani?"

"Ndi pamene amayi anadwala."

"Nanga apa pakwerapa?"

"Pamenepo ndi inuyo."

Anatsata mzerewo ndi chala kuyambira pamene unakwerera mpaka pamene unayamba kutsika. Anabwereranso poyambira, n'kuutsatanso. Kenako anatenga kabotolo, n'kukaimika pawindo kuti aone bwino kachidutswa ka dzino kachikasuko.

"Ndiye zonsezi zinali m'menemu? Zaka zonsezi?"

"Eya."

"Popanda wolemba."

"Popanda wolemba, azakhali."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ine ndinkayesa kuti palibe chinatsala. Mwana wanga anapita, iwe unapita, mkaka unauma. Ndinkati chaka chimenecho chili m'mutu mwanga mokha, ndipo ndikadzafa chidzathera pomwepo." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. "Unkaluma, ukudziwa? Mano awiri okha, koma ngati lumo."

Tinaseka tonse, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso osathawitsa nkhope.

"Tandiuza," anatero. "Makina akowo amaonanso kuti woyamwitsayo ankalira?"

"Ayi. Amaona chakudya ndi madzi basi."

"Zili bwino. Zinazo ndikuuza ndekha. Koma kaye ukasambe m'manja, wagwira dzimbiri."

Ndinakhala kumeneko mlungu wonse. Anandiuza dzina la mwana wawo, anandionetsa chipinda chimene tinkagona, anandidzudzula chifukwa cha kadulidwe kanga ka anyezi. Pobwerera anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo basi itaima anakwera nawo. Anati ali ndi mawu ndi alamu awo, amayi anga, ndipo sangawatumize pa foni.