Tsamba la Nkhwani pa Thupi la a Walter

Ndinayamba ndi kunamizira nkhono. Kadimba kanga, kuseri kwa nyumba yathu ku Romford, n'kakang'ono moti mphasa ziwiri zingakaphimbe, koma nkhwani wake amadziwika mpaka ku Wembley. Chaka chimenecho masamba akuluakulu ankangosowa, chiluwe nachonso osaoneka. Ndinathira mchere, ndinatukwana, koma kodi ndi nkhono yanji imene imadula tsamba ndi phesi lomwe?

Amuna anga, a Walter, amasamalira okalamba, ndipo akaweruka amakanyamula zitsulo. Thupi ali nalo, pamenepo sindingawanamizire. Anandiuza kuti akuthandiza mtsikana wina wa ku Zambia, dzina lake Etta, amene amaphunzira zojambula zithunzi ku Greenwich.

"Amajambula zomera," anatero akuyang'ana kumbali.

Ine Tionenji, mwana wopusa wa mayi anga, ndinkayesa kuti amakamunyamulira miphika ya maluwa.

Loweruka lina Etta anatiitana ku chionetsero cha zithunzi zake. A Walter mutu unayamba kuwawawa m'mawa womwewo, kenako akuti sitima sizikuyenda bwino. Pamenepo m'pamene ndinavala nsapato zanga zakutchalitchi n'kuwauza kuti tiyeni.

Chipindacho chinali choyera mbee, pafupi ndi mtsinje. Nditangolowa ndinagwira pakamwa. Khoma lonse linali amuna, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anavala kanthu. Wina anagona chafufumimba maluwa ofiira atamuyala pamsana, wina anakumbatira nthambi yaminga. Anthu ankayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, n'kumagwedeza mitu ngati akumva ulaliki. Ndinatsala pang'ono kuseka, mpaka pamene ndinafika pa chithunzi chachikulu cha pakati.

Mutu sunkaoneka, chithunzicho chinayambira m'khosi. Koma mkazi safuna nkhope kuti adziwe mwamuna wake. Mphini zimene anawatemera ali mwana, atadwala chilaso, zinali pomwepo panthiti. Chiluwe chachikasu chinali paphewa, mphukira ya dzungu itazungulira dzanja, ndipo pamalo paja panali tsamba la nkhwani lalikulu ngati lichero. Ndinalizindikira. Linali la phando la pafupi ndi mpanda, lomwe ndinkalisungira tsiku lobwera alendo.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti chithunzicho chinali chokongola. Kuwala kunatsetsereka pachifuwa mwa njira imene ine, wobwera kunyumba maso ali psuu ndi mashifiti a kuchipatala, ndinali ndisanaionepo. Munthu wina anakhala pansi n'kuwayang'anitsitsa amuna anga mosafulumira, n'kuona zimene ine mwiniwake ndinkangozidutsa. Nsanje inandigwira. Pambali panga mayi wina wachizungu anavala magalasi n'kusendera pafupi, ndipo ndinalakalaka kumuponda chala.

"Anti, mwabwela!" Anali Etta, kamtsikana kowonda, komwetulira ngati sikanalakwe kanthu. "Mwaiona? Iyi ndiye bantu baikonda maningi."

"Ndaiona," ndinatero. "Tsambali analiika pamenepa ndani?"

"Beve beka, anti. Ine nenze kuseli kwa kamera."

A Walter anali ataima kumbuyo kwanga, akuwerenga mwakhama chikwangwani cholozera khomo lothawira moto.

"Ndipo anti, muli na mwamuna wabwino," Etta anapitiriza. "Ine nenze kufuna kaluwa kamozi chabe, kang'ono, koyela. Manje kuti kaoneke bwino, benze kufunika kumeta. Banakana! Ati lumo ni ya madamu, palibe wina angagwile, olo beve beka. Ndiye banabwelesa chitsamba ichi."

Iye ankayesa kuti akundisangalatsa. Kwathu, mkazi akamalowa m'banja, anamkungwi amamupatsa lumo ndi kambale, n'kumuuza kuti kumeta mwamuna malo obisika ndi ntchito yake yekha. Mwamuna akapezeka wometedwa ndi dzanja lina, nkhani imakafika kwa ankhoswe. Ndi mwambo wa kuchipinda, sutchulidwa ngakhale kwa mchemwali wako. Tsono apa ndinaumva ukutuluka m'kamwa mwa mwana wa eni, pakati pa anthu akumwa vinyo.

"Ndiye munakhala pansi awiriwiri," ndinatero motsitsa mawu, "inu muli chibadwire, n'kumakambirana za lumo langa?"

"Mayi a nyumba, ndimatetezatu ulemu wanu," a Walter ananong'ona.

"Ulemu wanga ndi umenewu wapachikidwa pakhomawu?"

Tinakwera sitima yobwerera. Mtima wanga unkangoti uku wakondwa kuti anakana, uku ukuwira kuti anaulula. Titafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndinatenthetsa madzi, ndinatulutsa kambale kaja pansi pa sutikesi, n'kuika lumo latsopano.

"Kagoneni," ndinawauza.

Anayang'ana lumolo, n'kuyang'ana nkhope yanga. Mwamuna wonyamula zitsulo uja anagona chagada akunjenjemera ngati mwana wa mbuzi wonyowa ndi mvula.

"Tionenji, wakwiya kapena sunakwiye? Undiuziretu."

Ndinaviika kansalu m'madzi, ndinapaka sopo m'manja. Ndinkafuna kuti akumbukire kuti thupi limeneli lili ndi mwiniwake. Ndiye lumo lili m'dzanja, ndinakumbukira mawu a Etta: kaluwa kamodzi, kakang'ono, koyera. Chimene chinaletsa kaluwako si mwambo wokha ayi, ndi tchire limene linali pamaso pangali. Ndikangolilambula ndi manja angawa, mawa lomwe palibenso chowiringula, ndipo mayi wa magalasi uja adzasendera pafupi kuposa lero.

Ndinapukuta lumo, ndinalibwezera m'kambale, madzi ndinakataya kudimba.

"Bwanjinso?" anafunsa a Walter, atadzutsa mutu.

"Valani," ndinatero. "Mukhala choncho mpaka mtsikanayo atamaliza sukulu."