Mbatatesi za a Chano

Kuno ku Lanzarote mbatatesi timaziphika ndi madzi a m'nyanja mpaka khungu likwinyike, mchere uyere pamwamba ngati phulusa. Ndaphika choncho zaka makumi asanu, palibe anadandaulapo.

Mdzukulu wanga Guacimara anatiuza kuti Lamlungu kubwera bwenzi lake Nauzet ndi mayi ake, a Candelaria, kudzationa. Mayiwo ndi odziwika. Anathetsapo chibwenzi china cha mwana wawo atangolawa chakudya cha kwawo kwa mtsikana. Guacimara mtima unali m'mwamba.

Nauzet ndi injiniya kufakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, imene imamwetsa tauni yonse. Amuna anga a Chano atangomva zimenezo, nzeru zinawathawa.

"Fefa, chigubu chako cha madzi a m'nyanjacho usiye. Munthu amachotsa mchere tsiku lonse, iwe ukamuikire nyanja m'mbale? Ndi chipongwe! Ndiphika ndine, ndi madzi a pampopi, ntchito ya manja ake."

"Mcherewo muthira wa m'paketi?"

"Olo pang'ono. Aone kuti timamulemekeza."

"Inu a Chano, dzira lomwe limakukanikani."

Sanamve. Anavala epuloni yanga. Ine ndinatsetsereka kumiyala ya kunyanja, n'kutunga chigubu changa, n'kukatereka mphika kuseri kwa nyumba.

Patebulo a Chano anayamba ndi ulaliki wa mapaipi, kenako anavundukula mbale. Mbatatesi zotumbuluka, zoterera ngati sopo. A Candelaria analuma imodzi, n'kuika foloko pansi.

"Kodi m'nyumba muno muli wodwala?"

"Ayi mayi, amenewa ndi madzi a mwana wanu!" anatero a Chano, chifuwa patsogolo.

"Madzi a mwana wanga ndimachapira. Nauzet, ndipatse chikwama changa."

Injiniya uja, amene amalamula makina aakulu ngati tchalitchi, anangotola chikwamacho. Guacimara misozi inali italengeza.

Ndinadzuka, n'kukatenga mphika wanga, n'kuukhazika pamaso pawo pamodzi ndi msuzi wa tsabola. Mayi aja anakanda mcherewo ndi chikhadabo, ananyambita, anakhalanso pansi. Anadya zisanu ndi ziwiri.

"Mtsikanayu amaphika chonchi?"

"Ndinamuphunzitsa ndekha," ndinatero.

Linali bodza. Koma ukwati ndi wa mu Okutobala, ndipo m'mawa uliwonse chigubu akusenza ndi Guacimara. Mbatatesi za ulemu zija a Chano anadya okha, masiku atatu.