Kapepala ka Wailesi

Mlongo wanga wamng'ono timamutcha Wailesi, ndipo dzinali sitinangomunamizira ayi, analigwirira ntchito. Mnyamata ameneyu amayankhula akudya, amayankhula akusamba, ndipo mayi amalumbira kuti ankamumva akung'ung'udza asanabadwe n'komwe. Choncho atayamba kupita ku kalabu ya achinyamata ophunzira kuyankhula pagulu, kunyumba tonse tinati bola, akatopetseko ena. Ine ndinamutsatira patatha mwezi kuti ndikamuone akuzizidwa pagulu. M'malo mwake anandigwiritsa belu ndi wotchi, mpaka lero wosunga nthawi ndine.

Timakumana Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa laibulale. Muli mipando yapulasitiki ndi fani imodzi yomwe imangotembenuza mutu uku ndi uku, mphepo osabwera. Amatiphunzitsa ndi mayi wina amene anakalambira pa ntchito yomasulira mawu kukhoti, ndiye ife timangowatchula kuti a Khoti. Iwowa ali ndi lamulo limodzi losasintha. Usanaime kutsogolo, umalemba pa kapepala chimene ukufuna kuti anthu achite kapena amve mumtima ukamaliza, n'kukapinda, n'kundipatsa ine. Ukatha kuyankhula, omvera onse amalembanso pa timapepala tawo chimene akuganiza kuti umafuna. Kenako ine ndimatsegula n'kuwerenga mokweza. Zikagwirizana, wakhoza. Zikasiyana, kaya anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira, a Khoti amangoti wakhazika anthu pansi pachabe.

Lamulo limeneli linkamusautsa Wailesi. Iye ankalemba kuti anthu adziwe ubwino wodzala mitengo, n'kuima, n'kuthyola mawu akuluakulu manja ali m'mwamba. Timapepala ta omvera tikabwera, tinkakhala titalembedwa kuti akufuna tidziwe kuti anawerenga mabuku ambiri. Mtsikana wina woluka tsitsi, yemwe timamutcha Tsabola chifukwa sapsatira, tsiku lina analemba kuti: akufuna ndimukonde, koma zimenezo ayi. Ndinawerenga kawiri kuti aliyense amve bwino. Uchemwali umakoma pa zinthu ngati zimenezi.

Koma kunyumba kunalibe zoseka. Bambo athu ndi telala. Ali ndi kashopu m'mbali mwa msewu, momwe muli makina awiri opalasa, tebulo lodulira nsalu ndi galasi lalitali lothethereka pakona. Chaka chathachi maso awo anayamba kuchita ng'ala. Iwo sankavomera. Ankati vuto ndi babu ya m'shopu, kenako ankati masingano a masiku ano akubwera ndi timabowo tating'ono. Akafuna kulowetsa ulusi ankaitana Wailesi, ati aone ngati akukumbukira zomwe anamuphunzitsa. Misoko inayamba kukhota, mipendero ya mathalauza kumasiyana kutalika. Ine ndi Wailesi tinayamba kulawirira m'mawa, Bambo akadali kumwa tiyi, n'kukamasula misoko yokhotayo ndi kuisokanso mwachangu asanafike.

Kasitomala wina, nesi, anauza mayi kuti ng'ala imachotsedwa, bola munthu apite kuchipatala cha maso. Mayi anayankhula mpaka malovu kuuma. Bambo yankho lawo linali limodzi, kuti opita kumeneko amabwerako ndi ndodo ya akhungu. Ndiye tsiku lina singano ya makina inawabaya chala, kulowa pachikhadabo n'kutulukira kunsi. Anangomanga ndi kansalu n'kumatiuza kuti ndi chitseko. Ine mtima unandipweteka, ndipo ndinapsa mtima nthawi yomweyo. Munthu wamkulu kunamiza ana ake chonchi?

Mwezi womwewo a Khoti analengeza kuti kukhala tsiku la makolo, aliyense aitane a kwawo adzamve ana awo akuyankhula. Wailesi anati mwayi ndi umenewu, Bambo akamvera pagulu pomwe sangathawire ku bafa. Anakonza nkhani ya mutu wakuti kuuma mutu ndi matenda. Ndisaname, mawu obaya kwambiri ndinamupatsa ndine. Chiganizo chakuti munthu wokana mankhwala amadwalitsa banja lonse chinali changa, ndipo ndinkachinyadira.

Loweruka loyeserera, Wailesi anandipatsa kapepala kake n'kuima. Anabangula mwana uja. Analoza denga, anamenya tebulo, anadutsa nthawi ndi mphindi yathunthu ine belu ndili ngwe ngwe ngwe. Anzathu anaomba m'manja, kenako anawerama n'kulemba. Ndinayamba ndi kake, kamene kanati: Bambo apite kuchipatala cha maso. Kenako ndinatsegula ta omvera. Koyamba kanati akufuna kuchititsa munthu wina manyazi. Kachiwiri kanati akufuna tione kuti iye ndi wanzeru kuposa makolo. Ka Tsabola ndinakazindikira ndi inki yake yofiira, kanati: wakwiyira munthu wina kwawo ndipo akufuna amve kuwawa. Palibe ngakhale mmodzi anatchula chipatala.

Wailesi anati anthuwa ndi ansanje, sanamvetsere. Inenso ndinalowererapo, n'kunena kuti zonse wanenazi ndi zoona zokhazokha. A Khoti anatisiya tithe kaye mpweya. Kenako anati kukhoti anamasulira anthu ambiri onena zoona, koma zoonazo atazinola kuti zikabaye munthu, ndipo woweruza ankamva kunolako kuposa zoonazo. Anatembenukira kwa Wailesi.

"Mwana wanga, bambo ako akamva zimenezi anzawo ali pomwepo, Lolemba m'mawa adzadzuka n'kupita kuti?"

Wailesi anayankha motsitsa mawu.

"Kushopu," anatero. "Ndipo sadzatiyankhula mwezi wathunthu."

"Ndiye kapepalaka walemba ndiwe, koma wayankhula ndi wina. Kamufufuze ameneyo, umufunse chimene akufuna."

Pobwerera tinayenda wapansi. Tinadutsa pamalo okwerera basi, tinadutsa pogulitsira mafoni, Wailesi ali chete. Chibadwire chake sindinayendepo naye mtunda wotere osamva mawu, moti ndinayamba kuda nkhawa. Titafika pa mlatho wa anthu oyenda pansi anaima n'kunena kuti watopa. Watopa kudzuka m'mamawa, watopa kunamizira kuti sakuona, ndipo nthawi zina amafuna Bambo achite manyazi ndithu kuti amve mmene ife tikumvera. Kenako anandifunsa kuti, achemwali, nanga tsiku lina akadzawoloka msewu uja okha n'kusaiona galimoto? Ndinamukolekera dzanja m'khosi n'kumukoka, ati kumutonthoza, koma misozi inayamba kwa ine.

Sabata imeneyo sanalembe chilichonse. Akaweruka kusukulu ankangokhala m'shopu pambali pa Bambo, kuwalowetsera ulusi, kuwapatsira choko ndi sizasi asanapemphe. Ine ndinkamufunsa kuti kodi nkhani ija yafika pati, iye amvekere ikupsa. Ndinaganiza kuti basi, mwanayu akatichititsa manyazi.

Tsiku la makolo chipinda chinadzaza, ena anaimirira kukhoma. Bambo anabwera atavala jekete lawo labulauni lomwe anasoka okha kalekale maso ali bwino, mayi ali pambali. Anakhala mzere wachiwiri, chala chomanga chija atachibisa m'thumba. A Khoti anafotokozera makolo lamulo la timapepala, n'kuwagawira aliyense kake ndi pensulo. Anayankhula anthu asanu, kenako Wailesi. Anandipatsa kapepala kake n'kupita kutsogolo.

Sanaloze denga. Anayamba ndi kunena kuti kunyumba amamutcha Wailesi, anthu n'kuseka. Anati bambo ake ndi telala amene salemba miyeso ya makasitomala akale, amaisunga m'mutu, moti munthu akanenepa amamuuza asanamuyeze n'komwe. Anati ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Bambo anamukhazika pamiyendo n'kumuphunzitsa kulowetsa ulusi pa singano, ndipo iye atalephera kakhumi n'kuyamba kulira, Bambo anati kulephera si mlandu, mlandu n'kubisa singanoyo. Za maso sanatchule, za chipatala sanatchule.

"Ine ndimayankhula kwambiri," anatero, "koma pali chinthu chimodzi sindinanenepo. Ndikuchita mantha. Munthu amene ndimamukonda akuvutika, ndipo ine ndimadzuka m'mawa uliwonse ndi mantha. Ndikufuna adzandione ndikumaliza sukulu. Kundiona, osati kungomva."

Anakhala pansi. Wotchi yanga inali isanafike ngakhale mphindi zitatu, belu sindinaligwire. Anthu anaomba m'manja mosokonezeka, osadziwa ngati watha kapena waiwala mawu.

Ndinatolera timapepala m'kabokosi. Ka Wailesi kanati: Bambo adziwe kuti ndikuopa. Ndinakawerenga mokweza, maso anga ali pa kapepala pokhapo, chifukwa kuyang'ana mzere wachiwiri sindikanatha. Kenako ta omvera. Ambiri analemba kuti akufuna tiziyamikira makolo. Wina anati akufuna tiphunzire ntchito zamanja. Tsabola analemba kuti lero sanafune kalikonse kwa ife, amayankhula ndi munthu mmodzi. Mwa lamulo la a Khoti zinthu sizinkamuyendera mlongo wanga, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu okangana nawo.

Ndiye ndinatsegula kena. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, zotsetsereka, zina zitatulukira kunja kwa pepala. Kanali ka Bambo anga, amene kale ankalemba mayina a makasitomala ndi tizilembo tokongola ngati tosindikiza. Kanati: Mwanayu akuopa. Nanenso ndikuopa. Pansi pake anawonjezera kuti misoko tikumasoka m'mawa ija ikumathina, tizifewetsako ulusi wapansi pa makinawo.

Anthu akudikira kuti ndiwerenge, ine ndangoti chilili. Ndinapereka kapepalako kwa a Khoti. Iwo anavala magalasi, anawerenga, anakapinda bwinobwino n'kukaika m'dzanja la Wailesi. Anauza anthu kuti kameneka si ka gulu, ndipo mnyamatayu wakhoza. Kenako anaitana wotsatira ngati palibe chachitika.

Mwambo utatha anthu anayamba kutsika, mipando ikukwekwerezeka. Bambo anadikira mpaka chipinda chitatsala pang'ono kutha anthu. Wailesi anabwera n'kuima patsogolo pawo. Bambo anamupapasa kolala, n'kumuuza kuti yapindika, munthu woyankhula pagulu azidziyang'ana kaye pagalasi. Kenako anafunsa mayi kuti kodi nesi uja anati kumeneko amayamba kuona anthu nthawi yanji. Mayi anayankha msangamsanga kuti eyiti koloko, ngati akuopa kuti funsolo lingabwerere komwe lachokera. Bambo anati ndiye Lolemba shopu itsegulidwa masana, ndipo wowaperekeza akhale Wailesi, kuti pamzere pasakhale pofwa ulesi.

Titafika pamasitepe Bambo anaima. Pamenepo n'pamdima pang'ono ngakhale masana, ndipo mayi ndi Wailesi anali atatsogola kale. Ndinamva dzanja lawo likufika paphewa panga, lija la chala chomanga, lolemera, lofunda.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "ine pansipa sindikuonapo. Undiwerengere."

Ndinayamba kuwerenga mokweza, wani, thuu, ndipo tinatsika pang'onopang'ono, sitepe imodzi imodzi.