Keke ya Lachinayi

Kwathu sitidziwa kunena kuti pepani. Mawu amenewo amatitsamwa pakhosi, kuyambira Amayi mpaka ine chitsirizira. Amayi akakulakwira amaphika keke ya ndimu nkukuikira patsogolo ikadali yofunda. Ukaidya iwo akuona, nkhani yatha. Malemu bambo anaidya kekeyo kambirimbiri, moti tinkawaseka kuti mimba yawo yonse ija inali milandu yokhayokha.

Alamu anga, akazi a achimwene, zimenezi sankazidziwa. Akanazidziwira kuti? Chikwatiwireni, iwo ndi Amayi sankamwerana madzi. Chinayambitsa ndi pakamwa pa Amayi. Tsiku lina pamaso pa alendo ananena kuti mwana wawo anakwatira mkazi wodziwa kudya osati kuphika. Alamu anali onenepa nthawi imeneyo, ndipo mawuwo anawabaya zedi. Kuyambira pamenepo kwathu anasiya kupondako, mwana wawo nkumakula agogo ake akungowaonera pa zithunzi.

Kenako adokotala anawapeza alamu ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Eee, munthu anasintha ameneyo! Mchere pang'ono, masamba mbale tho, zipatso m'chikwama popita kuntchito. Koma sanadzimane zonse ayi. Anasankha Lamulungu kukhala tsiku la zotsekemera: kachidutswa ka keke kapena ayisikilimu, kudya mosathamanga atatsinzina, basi mpaka Lamulungu linalo. Achimwene ankanena kuti masitepe a kunyumba kwawo alamu ayamba kukwera osachita wefuwefu. Ine ndinkawasirira, chifukwa inetu ndikatsegula paketi ya mabisiketi ndimaimaliza ndili chiimire.

Amayi ndinawanyengerera mpaka malovu kuuma kuti agwirizane ndi mpongozi wawo. Ankangondiyankha kuti ndine mwana, ndikudziwa chiyani. Ndiye Lachinayi lina la tchuthi ndinawapeza kukhitchini akutakasa mazira ndi shuga, zala zawo za nyamakazi zikulimbana ndi supuni. Fungo la ndimu nyumba yonse. Nditati ndiwathandize anandikankha ndi chigongono.

"Choka apa iwe, iyi si yako."

Tinakwera basi kupita kwa achimwene, keke ili pamiyendo pa Amayi, atayikulunga m'thaulo kuti isazizire. Alamu anadabwa kutiona, koma anatilandira bwino ndithu. Anatereka tiyi, natulutsa mbale zawo zabwino. Anadula keke nkuikira Amayi, achimwene, ine, mwana. Kenako anapukuta mpeni nkukhala pansi.

"Nanga inuyo?" Amayi anafunsa, maso ali pathebulo.

"Ine lero ayi, Amayi. Tsiku langa ndi Lamulungu. Yanga ndisunga mufiriji, koma ikununkhira bwino kwabasi."

Anayankhula mwaulemu, akumwetulira, osadziwa kanthu. Ndinawaponda phazi achimwene pansi pa thebulo, koma iwo, masaya ali tuu ndi keke, anangoti, "Musawakakamize, Amayi, ali ndi malamulo awo." Abale inu, munthu wobadwira m'nyumba yathu momwe! Malamulo ake ati oti kachidutswa kamodzi kangawagwetse? Ndisanatsegule nkomwe pakamwa, Amayi anali ataimirira kale akupinda thaulo lawo. Anati akuthawa mvula, chonsecho kunja dzuwa likuswa mtengo.

Tinakwera basi kubwerera kwathu. Titafika, ndinadzitsekera kuchipinda nkuwaimbira foni alamu, kuwafotokozera tanthauzo la keke ya ndimu kwathu. Nthawi yomweyo ndinamva akukalipira amuna awo: "Zaka zonsezi osandiuza?" Achimwene akuti ankayesa kuti mabanja onse amatero.

M'mawa mwake alamu sanapite kuntchito, ndipo za Lamulungu sanazilabadenso. Anafika kwathu ndi kachidutswa kawo kaja m'kakontena, nalowa mpaka kukhitchini kumene Amayi ankatsuka makapu. Anakoka mpando, natsegula kakontenako, nayamba kudya Amayi akuona. Keke yogona mufiriji imauma, imakakamira kukhosi. Ankaimeza movutika, misozi ili mbwembwembwe. Ine mtima unandipweteka, ndinangogwira chitseko nkumapemphera chamumtima kuti Amayi afewe.

Amayi anapukuta manja, nawayang'ana mpongozi wawo. Kenako anatambasula dzanja nkuchotsa kakontenako pang'onopang'ono, mwaulemu woopsa.

"Musadzivutitse, mayi, mungadwale chifukwa cha ine. Yazizira imeneyi."

"Ndimaliza, Amayi. Chonde, ndisiyeni ndimalize."

Amayi anatseka kakontenako natembenukira kwa ine.

"Iwe, tawaperekeza alendowa pabalaza, uwapatse madzi akumwa. Kukhitchini sikukhala alendo."