Dengu M'chipinda Chovalira

Ambrose Tunstall anali atakhala kale pampando wa malemu pamene Lavinia ankalowa kudzadya m'mawa. Atamuona ataima pakhomo, dzanja lili pamimba, anadzuka mofulumira mpaka mpeni unagwa pansi.

"Pepani, alamu. Mipando ina yonse ili kutali ndi moto."

"Khalani," anatero Lavinia. "Mwina ndi wanu kale."

Dothi la pamanda a mwamuna wake, Godfrey Averill, linali lisanaume. Hatchi inamugwetsa akusaka nkhandwe, ndipo anatsirizika asanamufikitse kunyumba. Anasiya ana aakazi atatu ndi mkazi woyembekezera, mwezi wake utakwana.

Aliyense ku Aldercombe ankadziwa mmene agogo a Godfrey anamangira chumacho. Nyumba, nkhalango ndi minda yonse zinkapita kwa mwana wamwamuna, osagawa. Wamwamuna akasowa, zonse zigwere msuweni Ambrose, loya wa m'tauni, malinga ataye dzina la Tunstall n'kutenga la Averill. N'chifukwa chake Ambrose atabwera kumaliro sanabwerere. Iye ndi mkazi wake Susannah anatsala kudikira, ndipo nyumba yonse, mpaka osamala hatchi, inkangoyang'ana mimba ya Lavinia.

Lavinia ankamuopa Ambrose. Akamuthirira tiyi, ankangonyowetsa milomo. Akamva mapazi ake kumbuyo pamakwerero, ankagwiritsa thabwa la m'mbali ndi manja onse awiri mpaka adutse.

Tsiku lina masana, apongozi ake, Mayi Dorothea Averill, anamuitanira kuchipinda kwawo. Anali atakhala pawindo, atavala zakuda, ndodo ili pamiyendo.

"Tseka chitseko. Wamuona loya uja? Dzulo amawerenga mitengo ndi maso. Akuyesa kuti dzina ndi chipewa, ungotola n'kuvala."

"Akabadwa wamkazi, Amayi, lamulo lili kumbali yake."

"Sabadwa wamkazi." Mayiwo anatsitsa mawu. "Keziah, mtsikana wokama ng'ombe uja, wabereka mwana wamwamuna. Bambo wake sakudziwika. Keziah wavomera, ndipo azamba, Mayi Pegler, avomeranso. Tsiku lako likafika, mwanayo adzakhala mudengu m'chipinda chako chovalira."

Lavinia anagwira mimba yake. "Nanga wanga?"

"Akakhala wamwamuna, dengu libwerera mmene labwerera. Akakhala wamkazi, alowa mudengumo ndi iyeyo. Keziah ali ndi mkaka wokwana."

"Mwana wanga akakulire kukhola?"

"Uzimuona kutchalitchi. Kapena ukufuna atatu ako aja akathere m'kanyumba ka amasiye kuseri kwa dziwe, kodontha kaja, akudikira kuti mkazi wa Tunstall awatumizire madiresi akutha? Angakwatire ndani mtsikana wopanda kwawo?"

"Koma mwana wa Keziah si magazi anu."

"Tunstall ndi magazi anga? Wa mudengu tidzamulera tokha. Uyu wabwera ndi ndevu zake. Ine ndinaika mwamuna, ndaika mwana, koma dzina sindiika."

"Zikadziwika ndi kundende, Amayi."

"Adzaulula ndani? Iwe?"

Lavinia anatsegula chitseko. Anatuluka atagwira khoma.

Kuyambira pamenepo chakudya chinkamukana. Ankakhala pabedi akuyang'ana chitseko cha chipinda chovalira, mwana akumuponda m'mimba ngati naye wamva. Akaganiza zouza Ambrose, ankaona apongozi ake atakwezedwa ngolo ya akaidi, mudzi wonse ukuonerera. Akaganiza zokhala chete, ankaona kamtsikana kopanda nsapato katanyamula ndowa ya mkaka, kakumugwadira pamsewu, kali ndi nkhope yake.

Matenda anayamba m'mawa wina kukugwa mvula. Mayi Pegler anafika ndi dengu lalikulu lofundikidwa nsalu zoyera, atalinyamula mosamala kuposa mmene munthu amanyamulira nsalu. Analilowetsa m'chipinda chovalira n'kutseka. Mayi Averill anakokera mpando pafupi ndi khomo lotulukira, nakhala ngati mlonda.

Ululu utalekeza pang'ono, Lavinia anamva kamawu kuseri kwa chitsekocho, kakang'ono ngati ka mwana wa nkhosa.

Wina anagogoda. "Ndine Susannah. Ndabweretsa madzi otentha."

"Siyani pomwepo," anatero Mayi Averill. "Muno simulowa alendo."

Lavinia anamva ndowa ikuikidwa pansi, kenako mapazi akuyamba kuchoka. Anayang'ana apongozi ake, anayang'ana azamba, amene anathawitsa maso.

"Susannah!" Mawu anatuluka aakulu moti naye anadzidzimuka. "Susannah, lowani! Mundigwire dzanja, musandisiye."

"Wapenga iwe?" anatero Mayi Averill, akumenya ndodo pansi.

Koma chitseko chinali chitatseguka kale. Susannah anali mkazi wamanyazi, wosalankhula patebulo, ndipo chifikireni Lavinia anali asanachezepo naye. Analowa n'kuika ndowa pafupi ndi moto. Kamawu kaja kanamvekanso. Susannah anaima chilili, akuyang'ana chitseko cha chipinda chovalira. Kenako anatenga mpando, nauika pakati pa chitsekocho ndi bedi, n'kukhala.

"Mayi Pegler," anatero mofatsa, "m'chipinda umo mukuzizira. Kamphaka kali mmenemo kabwerere kwa mayi ake kasanadwale. Ine sindinaone kanthu."

Azamba anatulutsa dengu, nalipereka kwa wantchito pakhomo. Susannah anagwira dzanja la Lavinia ndipo sanalisiye, ngakhale pamene zikhadabo zinamulowa m'chikhato.

Mwana anabadwa mvula itakata, dzuwa litapendeka.

"Ndi wamkazi," anatero Mayi Pegler.

Mayi Averill anadzuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane mwanayo. "Pitani mukamuuze mwamuna wanu kuti tsopano ndi Averill," anauza Susannah. Kenako anatembenukira kwa mpongozi wawo. "Iwe, wagulitsa nyumba ya makolo ndi kamtsikana. Yamba kumanga katundu."

Kugogoda kwa ndodo yawo kunamveka mpaka kumapeto kwa khonde.

"Palibe akuthamangitseni, alamu," anatero Susannah, akumupukuta pamphumi. "Kanyumba kaja Ambrose akonza kaye denga. Ndimuyang'anira ndekha."

Azamba anasambitsa mwana, namukulunga, namuika pachifuwa pa mayi wake. Lavinia anali atangoyamba kuwerenga tizala take pamene pamakwerero panamveka nsapato zolemera za mwamuna, zikukwera.

Nthawi yomweyo anakokera mwana pansi pa bulangete, nadzipinda momuzinga, msana ataulozetsa kukhomo.

"Musawauze kaye," ananong'ona. "Chonde, Mayi Pegler. Adye kaye. Muwauze kuti ndagona."

"Ndani, alamu?" anafunsa Susannah.

Mayi Pegler, amene anabadwitsanso atatu oyamba aja m'chipinda chomwecho ndipo ankakumbukira ukali umene Godfrey ankalowa nawo akamva kuti ndi wamkazi, anangowerama n'kumapinda nsalu yomwe inali yopindidwa kale.

Nsapato zija zinaima pakhomo. Panapita kanthawi, kenako kunamveka kugogoda kwapansipansi.

"Alamu, ndine Ambrose. Sindilowa. Ndimangofuna kumva ngati nonse awiri muli bwino."

Lavinia anakhalabe wodzipinda, akumvetsera, akudikira kuti chitseko chikankhidwe. Sichinakankhidwe. Pang'onopang'ono anawongola msana, nachotsa bulangete kumaso kwa mwanayo kuti apume.