Mpaka Lachisanu

Kumalo ometera anthu ankamutchula kuti Lumo, ndipo dzinalo linamukhala moti ngakhale mkazi wake akapsa mtima ankati, "Inu a Lumo inu!" Shopu yake inali kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya mafoni ndi malo osokerapo nsapato. Munali mipando iwiri yozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira ndi wailesi yofuna kuimenya kaye kuti iyankhule. Mpando wachiwiri unali wa mnzake wachikulire, a Dazi, amene makasitomala ankawaseka kuti wometa wopanda tsitsi ali ngati dokotala wotsokomola.

Mkazi wa Lumo anali wa dziko lina, ulendo wa tsiku ndi theka pa basi. Anadziwana Lumo atapita kumeneko kukagula makina ometera, n'kugundidwa ndi njinga yamoto, n'kugona m'chipatala milungu itatu mwendo uli m'mwamba. "Ndinapita kukagula makina, ndinabwera ndi namwino," ankatero akamameta, anthu n'kumaseka. Oyandikana nawo nyumba ankamutchula mayiyo kuti Anesi, koma unesi wake unathera pamalire. Kuno lamulo silinkamulola kugwira ngakhale thonje la pachilonda mpaka atalandira chitupa chokhalira m'dziko. Ankangokhala pakhomo, kuperekeza mwana wawo wamkazi kusukulu ya mkaka, kukamutenga, n'kumadikira.

Anali atadikira zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Mapepala onse ankakhala m'chikwama cha pulasitiki pamwamba pa wadirobu: mtchatho wa ukwati, kalata ya kupolisi, kalata ya dokotala, zithunzi, kalata ya mwini nyumba. Vuto linali lakuti mapepalawo sankakalamba limodzi. Kalata ya dokotala inkatha mphamvu pa miyezi itatu, ya kupolisi pa isanu ndi umodzi, ndiye imodzi ikamafika ina imakhala itafa. Lumo anakwera masitepe a ku ofesi yoona za alendo mpaka anadziwa sitepe yomwe inali yobenthuka. Ankadziwa mipando yachitsulo yolumikizana ija, makina otulutsa manambala, ndi mayi wa pawindo lachinayi, wa magalasi omangirira tcheni, amene sankakalipa koma sankalonjezanso kanthu.

Mayi ameneyu ndi amene anawauza tsiku loyamba, akugogoda tebulo ndi cholembera: "Kapepala ndakupatsanika kakukutetezani muli m'dziko muno basi. Mukangotuluka fayilo isanathe, fayilo yafa. Ndipo poti masiku anu aulendo anatha kale, pamalire adzakudindani kuti musalowenso zaka zitatu. Mwamva, mayi?" Anesi anati amva.

Lolemba lina m'mawa, Lumo akumanga zingwe za nsapato, foni ya mkazi wake inalira. Anali mchimwene wake wa Anesi. Amayi awo anali atagwa pakhomo, mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papotoka. Kuchipatala anawasunga usiku umodzi n'kuwabweza kuti akawasamalire kunyumba.

Anesi sanalire. Anakoka mpando, kukwerapo, n'kutsitsa sutikesi.

"Mayi a mwana, tadikirani kaye," anatero Lumo.

"Ndidikire chiyani? Ndasambitsa amayi a eni ake osawerengeka. Anga andisambitsire ndani?"

"Ndipatseni lero lokha. Ndipite ndikamve."

Anapita ku ofesi ija osatsegula shopu. Anatenga nambala 87 pomwe akuitana 31, ndipo anafika pawindo dzuwa litapendeka. Anafotokoza zonse mofulumira, mawu akuthamangitsana. Mayi wa magalasi anamumvera mpaka kumapeto.

"Chilolezo chotulukira mwadzidzidzi chilipo," anatero, "koma chimatenga masiku ogwira ntchito makumi awiri ndi limodzi. Chimafunanso kalata ya dokotala wa kumeneko, yodindidwa ku ofesi ya kazembe."

"Masiku makumi awiri? Mayi, munthu ali gone!"

"Ndikumva, bambo. Si ine ndinalemba." Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatembenuza pang'ono kompyuta yake kuti Lumo aone. "Izi sindiyenera kukuonetsani. Fayilo yanu yadutsa paliponse. Ili patebulo la abwana, yangotsala siginecha. Abwana amasayina Lachisanu."

"Lachisanu lino?"

"Amasayina Lachisanu," anabwereza mayiyo, n'kubwezera kompyuta m'malo mwake.

Lumo anatsika masitepe awiriawiri. Kunyumba anapeza sutikesi yatsekedwa kale, ili pakhomo la kuchipinda, pasipoti pamwamba pake. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Masiku atatu okha pakati. Lachisanu atenga chitupa, Loweruka akwera basi, Lamlungu madzulo ali pambali pa amayi awo, ndipo akafuna akhala mwezi, miyezi iwiri, n'kubwerera ngati munthu wa pano.

"Mukapita mawa, mwana adzakuonaninso ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Alibe pasipoti, simungamutenge. Zaka ziwiri tavutikazi tizitaye chifukwa cha masiku anayi?"

"Matenda amenewa ndimawadziwa, bambo a mwana. Sawerenga kalendala."

"Apongozi ndi olimba. Si aja anandithamangitsa ndi tsache ndili pa ndodo?"

Anesi anamwetulira pang'ono, kumwetulira kosafika m'maso. Anayang'ana nsapato za mwana zomwe zinali pansi pa tebulo, imodzi itagona chammbali.

"Mpaka Lachisanu," anatero.

Masiku amenewo Anesi anagwira unesi pafoni. Ankaimika foniyo pa botolo la mafuta patebulo, n'kumalangiza mng'ono wake amene ankadwazika. "Atembenuze pakatha maola awiri aliwonse. Ayi, osakoka mkono wakufawo, gwira paphewa ndi m'chiuno. Ika pilo pakati pa mawondo. Madzi uziwapatsa ndi supuni, mutu uli m'mwamba, akatsamwa usiye." Mng'onoyo anali wogulitsa m'sitolo, manja ake sanazolowere, ndipo kawiri konse analira n'kudula foni. Lumo ankaona manja a mkazi wake akuyenda okha m'malere, akukweza mutu womwe panalibe, akukonza pilo yemwe panalibe.

Lachitatu mng'onoyo anaika foni pakhutu la mayiwo. Anesi anawauza kuti akubwera Lamlungu, asadandaule. Kumbali inayo kunangomveka kupuma kolemera ndi mawu amodzi osamveka bwino, obwerezabwereza. Mng'ono uja anati akuitana dzina la Anesi la paubwana.

Kushopu Lumo ankameta ngati munthu wobwereka manja. Anadula mzere wa kasitomala wina mokhota mpaka a Dazi anachita kumulanda makina.

"Achimwene, mutipha ndi njala. Pitani mukakhale pa benchi." Kasitomala atatuluka, a Dazi anatsitsa mawu. "Kodi mulibe munthu m'katimo? Ofesi iliyonse ili ndi khomo lakuseri."

"Amene ndikumudziwa ndi mlonda wa pageti. Amandipatsa moni basi."

"Nanga loya munakamuona uja?"

"Anati lamulo ndi lomveka, palibe chokadandaula."

A Dazi anapukusa mutu wawo wowalawo n'kuyamba kusesa tsitsi.

Lachisanu anapita onse awiri, atasiya mwana kwa mlongo wake wa Lumo. Anesi anavala diresi lake labuluu la kutchalitchi. Anafika geti lisanatsegulidwe, natenga nambala 6. Atafika pawindo lachinayi, mayi wa magalasi anawaona n'kugwetsa maso, ndipo Lumo anadziwiratu mawu asanatuluke.

"Abwana kulibe. Anawaitana kumsonkhano kunja kwa mzinda, ananyamuka dzulo masana."

"Abwera liti?"

"Akuti sabata yamawa."

"Wachiwiri wawo sangasayine?"

"Mafayilo a maukwati amasayina okha."

Lumo anagwira chitsulo cha pawindo ndi manja onse awiri. Anapempha nambala ya foni ya abwanawo. Anapempha kuti amuuze komwe kuli msonkhano, akwere basi apite ndi fayiloyo yekha, akagwade pakhomo. Anati ndi nzika ya dziko lino, anabadwira kuno, makolo ake anaikidwa kuno, nanga mkazi wake akhale ngati wakuba chifukwa chiyani? Mawu ake anakwera mpaka anthu a pa mipando yachitsulo anasiya kuyang'ana mafoni awo. Mlonda anayandikira pang'onopang'ono.

"Bambo, fayilo situluka m'nyumba muno," anatero mayi uja motsitsa. "Pepani. Ndithu pepani."

Anesi ndi amene anamugwira pamkono. "Tiyeni, a Lumo. Anthu akudikira."

Anabwerera kunyumba. Basi ya kwawo kwa Anesi inkanyamuka kawiri pa sabata, Loweruka ndi Lachiwiri, ndipo onse ankadziwa zimenezo. Lumo ankafuna kunena kuti Lachisanu linalo si kutali, koma lilime linakana. Ankafunanso kunena kuti pitani mawa, koma nalonso linakana. Loweruka linacha, sutikesi ili pomwe inali. Anesi anaiyang'ana, anayang'ana mwana akumwa tiyi, ndipo anakhala pansi n'kuimika foni pa botolo lija. Basi inapita.

Amayiwo anamwalira Lolemba, nthawi ya chakudya chamasana. Lumo anamva ali kushopu, kuchokera kwa mlamu wake, amene anangoti, "Alamu, uzani mkazi wanu kuti asavutikenso kufulumira," n'kudula.

Anathamangira kunyumba atavala epuloni. Anapeza Anesi atamva kale, atakhala pansi pakhonde miyendo atatambasula, azimayi awiri oyandikana nawo atamukhalira mbali ndi mbali. Atamuona anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu.

"Mawa ndikupita," anatero. "Ndikawaike."

"Mayi a mwana..."

"Musandiwerengerenso zala."

Lumo sanawerenge. Mawa lake ananyamula yekha sutikesi mpaka kudepoti, naikweza pansi pa basi. Anauza mwana kuti amayi akukaona agogo. Anesi anamunyamula mwanayo nthawi yaitali, akununkhiza m'mutu mwake, mpaka kondakitala anaomba bodi la basi. Kwa mwamuna wake anangoti mankhwala a chifuwa a mwana ali pamwamba pa firiji, theka la supuni, osati yodzaza. Pamalire anamudinda monga ananenera mayi wa magalasi uja.

Patapita sabata Lumo anakweranso masitepe aja, atatenga chikalata cha imfa chomwe mlamu wake anatumiza pafoni. Mayi wa magalasi anachiwerenga chonse ngakhale ankadziwa kuti sichisintha kanthu. Kompyuta inali itaonetsa kale kuti mwini fayilo anatuluka m'dziko, ndipo fayiloyo inali itatsekedwa. Anamupatsa fomu ina, ya masamba khumi ndi awiri, yopempha kuti chiletso cha zaka zitatu chifupikitsidwe. Anati ena amawayankha pakatha chaka, ena sawayankha.

Lumo anapinda fomuyo. Anafuna kuchoka, koma anabwerera.

"Mayi, tandiuzani chimodzi. Abwana anabwera?"

"Anabwera Lachinayi."

"Akanakhala kuti mkazi wanga sanapite, Lachisanu lapitali abwana akanasayina?"

Mayiyo anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachifuwa. "Patebulo pawo pali mafayilo oposa mazana awiri, bambo. Sindikudziwa. Ndikanama ndikati ndikudziwa."

Miyezi inayamba kudutsa. Lumo ankatsegula shopu mochedwa chifukwa choperekeza mwana, n'kutseka msanga kuti akamutenge. Mlongo wake ankabwera Loweruka kudzaluka mwanayo tsitsi, akuseka kuti wometa wa mzinda wonse akulephera kamutu kamodzi. Anesi ankaimba Lamlungu lililonse masana. Ankayamba ndi mwana, kumufunsa za kusukulu, kumuimbitsa nyimbo, kenako n'kupempha abambo ake. Sanamunenepo Lumo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo nthawi zina iye ankalakalaka akanamutukwana kuti apeze poyambira kupepesa.

Mwezi wachinayi Anesi anaimba pakati pa sabata, Lumo ali kushopu. Anatuluka panja n'kuima pafupi ndi wosoka nsapato. Mkazi wake anati chipatala chake chakale chamuitana, ayamba ntchito pa 1, kuwodi ya amayi. Mawu ake anali opepuka, momwe Lumo anali asanawamve kwa zaka.

"Ndasangalala," anatero Lumo, ndipo sankanama. "Inenso ndakhala ndikuganiza. Mwana ndimupangire pasipoti, shopu ndiwasiyire a Dazi, tibwere konko. Mitu yofuna kumeta ili paliponse."



"Ndinakafunsa kale, bambo a mwana," anatero Anesi. "Ndinapita ku ofesi ya kuno mwezi watha. Mwamuna wa nzika amalowa ndi masiku makumi atatu. Akafuna kukhala amatsegula fayilo, ndipo saloledwa kugwira ntchito mpaka itatha. Ndinafunsa kuti imatenga nthawi yaitali bwanji. Mtsikana wa pawindo anandiseka."

"Ndiye titani?"

"Sindikudziwa. Lembanibe fomu ija."

"Ndinalemba. Akuti kalata ya dokotala yatha mphamvu, mupimitsenso konko."

"Chabwino. Ndipimitsa."

Anatsanzikana. Lumo anaimabe panjapo foni ili m'manja, akuyang'ana wosoka nsapato akukhoma chidendene. A Dazi anasuzumira pakhomo n'kunena kuti pa benchi pali anthu atatu, ndipo mmodzi akuti sametedwa ndi wina aliyense koma Lumo. Iye anaika foni m'thumba la epuloni n'kulowa.